Nyengo Imene Abambo Anakana Nkhope ya Amayi

Chithunzi chija ndikadali nacho. Ndi chaching'ono ngati chikhatho, chopanda mitundu, chimene makolo anga anajambulitsa ku Mwanza atangokwatirana kumene. Abambo aima atavala jekete lobwereka, lowafupikira mikono. Amayi akhala pampando, manja pamiyendo, atatong'ola maso ngati makinawo awaluma. Mbali ya amayi inasuluka, ndipo anthu akachiona amati ndi dzuwa. Si dzuwa ayi, ndi chala chachikulu cha abambo. Anachisisita nyengo yonse ya manachesi ya chaka chimene matipate analowa, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Kwathu ndi kumtunda, kufupi ndi Nsambe, kumene nthawi yozizira nkhungu imatha kukhala paphiri mpaka masana. Mudziwo ndi wa kwawo kwa amayi. Abambo anali mkamwini, kwawo kunali ku Dambe. Chaka chimenecho malole a zipani ankakwera mpaka kwathu, msewu umene ngakhale ambulansi inkachita kunyinyirika nawo. Ankatenga anthu kupita nawo kumisonkhano, kukaimba ndi kukalandira nsalu. Abambo sanali andale, ankangokonda pamene pali anthu, ndipo galimoto yaulere angakane ndani? Pobwerera kumsonkhano wina, lole inadumpha mwala pamtsetse, iwo atakhala m'mphepete. Anagwa chagada n'kumenyetsa mutu.

Amayi anali m'chikuta, kamlongo kanga kali ndi masiku anayi okha, choncho sakanatha kupita kuchipatala. Amene anakadikirira matendawo anali bambo aakulu, mkulu wawo wa abambo. Anakhalako pafupifupi mwezi. Tsiku la chisankho linadutsa, anthu n'kumaonetsana zala za inki, ife tikungoyang'ana kunjira.

Tsiku limene abambo anabwera, mudzi wonse unasonkhana pabwalo pathu. Anali ataonda, ali ndi chipsera chachitali pamwamba pa khutu lakumanja, koma ankayenda okha. Anazindikira aliyense n'kumutchula dzina. Ine anandinyamula n'kunena kuti ndalemera ngati thumba la kachewere. Anafunsa ngati manachesi ayamba kupsa. Ndiye amayi anatuluka m'nyumba, khanda kumbuyo, n'kugwada ndi chikho cha thobwa. Abambo anawayang'ana nthawi yaitali. Analandira chikhocho ndi manja awiri, mwaulemu umene timapatsa mlendo.

"Zikomo mayi. Nanga akazi anga apita kuti?"

Anthu anafa ndi phwete, pakuti abambo anali munthu wanthabwala. Ine ndinaseka kuposa onse. Koma iwo sanaseke. Anaika chikho pansi osamwa, maso awo akufunafuna pakhomo la nyumba.

Musaganize kuti anali amisala othamangitsa anthu ndi miyala. Ankalima kudimba, ankawerenga Baibulo, ankandithandiza masamu a kusukulu osaphonya. Pa zonse mutu unali bwinobwino, koma pa amayi pokha. Masana ankakhala pakhonde ndi chithunzi chija. Amayi akamadutsa ndi ndowa, iwo ankachikweza, kuyang'ana pepala, kuyang'ana munthu, kuyang'ananso pepala. Tsiku lina ndinawamva akuyankhula chapansipansi, mosilira ndithu: "Amene anakupangani ndi mmisiri. Ngakhale mpata wa mano sanaiwale." Amayi akati ndine, tamverani mawu anga, iwo ankapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti mawunso anaba.

Chakudya cha m'manja mwa amayi anachikana. Ndinkapita nacho ndine, n'kunama kuti aphika ndi agogo. Pasanathe sabata amayi anasamukira kunyumba kwa agogo, poti abambo anati sangagone nyumba imodzi ndi mkazi wa eni. Ndikawapititsira chakudya ankandikokera pafupi, fungo la fodya ndi makoko a manachesi lili m'manja mwawo, n'kundinong'oneza: "Iwe, amako anakuuza kuti abwera liti?" Amayi anali pomwepo, akusinja, ndipo kugunda kwa munsi tinkakumva tonse awiri.

Anthu anali atangomasuka pakamwa chaka chimenecho. Zaka zonse zija ankaopa ngakhale kutsokomola pagulu, ndiye ufulu utabwera ena anauyesera pa ife. Kuchitsime ankati amayi anadyetsa mwamuna kondaine n'kupyola muyeso. Zimenezo zinali zochepa. Ena ankati amayi enieni anafa pobereka, ndipo chimene chikuyenda pamudzi paja ndi china. Anzanga kusukulu anasiya kundipempha mbatata yootcha imene ndinkatenga.

Ndiulule, poti ndakula ndipo manyazi ake ndawasenza mokwana. Nanenso ndinayamba kuwasuzumira amayi. Abambo anali asanandinamizepo chibadwire, nanga akanayamba bwanji pamenepa? M'mawa wina wa nkhungu agogo anandituma kukawachingamira kuchitsime. Ndili panjira ndinaona chinthu chikukwera chitunda, chachitali, chopanda nkhope, mutu wake waukulu wosongoka m'mbali. Ndinadziwa kuti ndi ndowa. Ndinadziwa kuti ndi amayi. Koma ndinaima chilili panjira. Atafika pafupi ndinabwerera m'mbuyo n'kufunsa kuti kodi ine ndinabadwira kuti.

Anatula ndowa pang'onopang'ono. "M'munda wa nandolo, mvula ikugwa, ndipo unayamba kundivutitsa tsiku lomwelo." Anandiyang'anitsitsa. "Nawenso?"

Sanandimenye. Bola akanandimenya! Anasenzanso ndowa n'kutsogola, ine pambuyo, ndipo mumtima ndinkati mmisiri uja akhoza kudziwanso za nandolo.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo akafuna kuyankhulana wina amakhala kuseri kwa nkhokwe kapena kwa mpanda. Pakati pa bwalo lathu ndi la agogo panali mpanda wa udzu wautali kuposa munthu, ndipo zaka zonse agogo ankapereka moni kwa abambo kudzera pamenepo. Tsiku lina dzuwa litapendeka, amayi anali kuseri kwa mpandawo akupeta nyemba, ndipo anaona mbuzi zathu zikulowera kudimba. Anaiwala zonse. Anangokuwa monga ankakuwira kale: "Abambo inu, mbuzi zanu zija!"

Abambo anadzambatuka pakhonde, chithunzi n'kugwa pansi. "Amake mwana! Mwabwera?"

Mawu amenewo anali a abambo akale, amene tinali tisanawamve chibwerere kuchipatala. Amayi anataya lichero n'kuthamanga kuzungulira mpanda, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Atangotulukira pangodya, nkhope ya abambo inazima. Ndinaiona ndi maso angawa ikuzima. Anawalambalala mwaulemu n'kupita kuseri kuja, kumene anapeza lichero ndi nyemba zili mbwee. Anasuzumira m'bafa, anasuzumira pansi pa nkhokwe, anavundukula ngakhale dengu la nkhuku. Kenako anabwerera kwa amayi. "Mwawabisa kuti? Ndawamva ndekha." Mbuzi zinamaliza kabichi yense tsiku limenelo, palibe anazikumbuka.

Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma mutu wawo unkagwira. Mawa lake, nthawi yomweyo, anayala mphasa kuseri kwa mpanda n'kutsokomola. Abambo anabwera ndi kampando kawo mbali inayo. Kuyambira pamenepo, masana aliwonse, amayi anga ankachita chipongozi ndi mwamuna wawo yemwe. Ankakambirana za mtengo umene ogula manachesi akubwera nawo, za denga lodontha, za ine ndi mwano wanga. Dzina la kamlongo kanga abambo analipereka kudzera m'udzu umenewo. Tsiku lina anakangana zenizeni pa nkhani yogulitsa mbuzi, mpaka agogo anati bola, banja ladzuka. Ine ndinkakhala kumapeto kwa mpanda, pamene ndinkatha kuwaona onse awiri, misana yawo itatsamira udzu umodzi.

Akafunsa chifukwa chake sakutuluka, amayi ankangoti nthawi yake sinakwane. Ndipo pafupifupi tsiku lililonse abambo ankatsitsa mawu n'kuwachenjeza: "Samalani, pali mayi wina pano wavala nkhope yanu." Amayi ankayankha, manja ali pantchito: "Musamuvutitse, ndi amene akusamala ana." Ndinkamva zimenezi ngati nkhani wamba. Lero ndine mkazi wapabanja, ndipo ndikaganiza munthu kudzinena yekha kuti mayi uja, tsiku ndi tsiku, kuti mwamuna wake amuyankhule, ndimadzifunsa ngati ine ndikanatha.

Patapita zaka zambiri, ndikudikirira mwamuna wanga m'chipatala, ndinafotokozera dokotala wina wachinyamata nkhaniyi, ndikuyembekezera kuti aseka. Sanaseke. Anakoka mpando n'kundiuza kuti diso likaona nkhope, uthenga umayenda njira ziwiri mu ubongo. Ina imanena kuti uyu ndi uje. Inayo imapita kumene kumachokera kutentha kuja kumene timamva tikaona wathu. Mwa abambo, anatero, njira yachiwiriyo iyenera kuti inaduka, ngati mlatho wokokoloka ndi madzi. Ankaona nkhope ya mkazi wawo koma m'kati muli zii, ndipo ubongo, poti sufuna kukhala wopanda yankho, unapeka lakelake: ndiye kuti si iyeyu. Njira ya kukhutu ndiyo inatsala yamoyo. Ndinamufunsa chifukwa chake ine sanandikane. Anati sakudziwa, za m'mutu n'zambiri zimene ngakhale iwo akuzifufuzabe. Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo. Ha! Kanthu kofewa ngati phala, kamene ka mbuzi timangodya osaganizira, ndi kamene kamasunga mkazi wa munthu. Ife timaloza pachifuwa tikamanena za chikondi, osadziwa kuti chili ndi kamsewu kake m'mutu, ndipo mwala umodzi wa pamtsetse ukhoza kukadula. Ndinagwira mutu wanga ndi manja awiri, ndipo ndinauopa.

Koma nthawi imeneyo panalibe wotiuza zimenezi. Manachesi ali pafupi kutha m'mitengo, bambo aakulu anabwera kuchokera ku Dambe kudzaona m'bale wawo. Ndimawada mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti anagona pasimenti ya chipatala pafupifupi mwezi wathunthu chifukwa cha abambo, ndipo munthu woipa sachita zimenezo. Anafika masana n'kupeza mng'ono wawo akucheza ndi mpanda. Atasuzumira kuseri n'kuona amayi, nkhope inasintha. "Chiyambire liti mkazi kuchita chipongozi ndi mwamuna wake? Munthu wothawa maso ali ndi chimene akudziwa." Zonena za kuchitsime zinali zitawapeza kale kwawo, tsopano anati azionera okha.

Anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse. Kumbali yathu kunali malume, mlongo wawo wa amayi, munthu wofatsa mopitirira. Anakhala pansi pa mtengo wa manachesi wa pabwalo, anthu a m'mudzi ataima chapatali ngati sakumvera. Amayi anawakhazika pamphasa moyang'anana ndi abambo. Bambo aakulu anafunsa ngati awa ndi akazi awo.

"Ayi, achimwene. Akufanana nawo kwambiri, ndipo sanandilakwirepo, koma si iwo."

Malume anati alamu anavulala mutu, tisatengere zonena za wodwala. Bambo aakulu anayankha kuti pajatu wamisala anaona nkhondo. Apa ndi pamene malume analakwitsa, akuyesa kupulumutsa mlongo wawo. Anati dikirani muone, n'kuuza amayi kuti apite kuseri kwa mpanda akayankhule. Amayi anazengereza, koma anapita. Tinamva mawu awo akuti, "Abambo, mwaswera bwanji?"

Abambo anaimirira, nkhope yonse ikuwala. "Ndi amenewo! Amake mwana, tulukani anthu akuoneni!"

Ife tinali titazizolowera, tinaiwala mmene zikanaonekera kwa munthu woziona koyamba. Azimayi anagwira pakamwa, wina anakoka ana ake n'kuthawa nawo. Bambo aakulu anayankhula osakweza mawu: "Mwadzionera nokha. Mawu ndi a mlamu wanga, koma thupi sitikulidziwa." Anaitana amayi kuti abwerere pamphasa, ndipo abambo atawaona anakhalanso pansi ngati munthu wolandidwa. Kenako bambo aakulu anatembenukira kwa ine.

"Mwana sanama. Iwe, awa ndi amako?"

Yankho linali pakamwa penipeni. Koma ndinayang'ana abambo, ndipo iwo ankandiyang'ana mondidalira, ngati ndine ndekha wotsala kumbali yawo. Ndinayang'ana amayi. Kalanga ine, maso anga anapita okha pakamwa pawo kukafuna mpata wa mano uja! Kanali kanthawi kongokwana kumeza malovu kawiri. Kenako ndinati eya, ndi amayi anga. Koma onse anali ataona, ndipo amayi anaona poyamba. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kukonza nsalu ya khanda imene inali yokonzeka kale.

Mlandu unathera pamenepo. Mkamwini ali ndi kwawo, anatero bambo aakulu, ndipo akwawo sanathe kufa. Abambo apita ku Dambe kuti akafunefune thandizo, ndipo mayiyu asadzapondeko phazi. Malume anayesa kuchonderera, koma anthu anali atayamba kale kuimirira n'kumakung'untha fumbi.

Ananyamuka m'mawa mwake, nkhungu ili yoti sungaone nkhokwe ya agogo. Katundu wa abambo anali kamtolo kamodzi komangidwa panjinga ya bambo aakulu. Abambo sanavute, poti anauzidwa kuti akupita kukachira. Koma atafika pakati pa bwalo anaima n'kunena kuti sangachoke osatsanzika. Anapita kumpanda. Ine ndinathamangira pamalo panga paja, kumapeto, pamene ndinkaona mbali zonse. Amayi anali atagwada kale kuseri, khanda kumbuyo, ngati anagona pomwepo.

"Amake mwana, akunditenga. Tulukani ndikuoneni kamodzi kokha. Musaope, mayi uja kulibe, ndayang'ana paliponse."

Mawu a amayi anatuluka bwinobwino, ngati a tsiku lililonse. "Pitani bwino, bambo. Muzifunda, ku Dambe kumazizira. Ndikupezani."

Abambo analowetsa zala m'udzu wonyowa ndi mame, kufufuza, ndipo amayi anazigwira. Anakhala choncho mpaka bambo aakulu analiza belu la njinga. Apa ine mtima unandiphulika. Ndinalumphira amayi n'kuyamba kukoka chitenje chawo, ndikukuwa kuti tulukani, akupitatu, mulibe chisoni inu? Anandikankha ndi dzanja linalo mpaka ndinagwa, osandiyang'ana n'komwe. Zala zija zinabwerera m'udzu. Ndinadzuka n'kuona abambo akutsika njira, akucheukira kumpanda, akukweza dzanja, mpaka nkhungu inawameza.

Sanabwererenso. Kumeneko anayamba kumakomoka, ndipo dzinja lachiwiri lisanathe anamwalira. Pamaliro amayi anakhala kutali, pansi pa mtengo, ngati wongodutsa.

Abambo atachoka pamudzi ndinatha masiku ndisakuwayankhula amayi, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti amayi anga anali ouma mtima, anakana kutuluka mwamuna wawo akuwapempha komaliza. Iwo sanadziteteze ngakhale tsiku limodzi, monganso sanandikumbutsepo za kuchedwa kwanga kuyankha pabwalo paja. Ndinali mwana, ndinkaganiza kuti kutsanzikana ndi kuonana nkhope. Sindikanatha kumvetsa kuti amayi akanangotuluka, abambo akanachoka pamudzi paja alibe mkazi wowatsanzika.